Funsani Amalume: Malata tafolera koma chisanu chatikwana, boma silingatiikire siling'i?

FUNSO

Amalume, ine ndine mayi wa ana atatu ndimakhala kwa Bembeke kuno ku Dedza. Chaka chatha tinagulitsa kachewere ndi nyemba nkufolera nyumba yathu malata, tinasangalala kwambiri poti zomweta udzu chaka ndi chaka tinali titatopa nazo. Koma abale June uno tazunzika, nyumba ikuzizira kuposa yaudzu ija, ana akugona atavala majuzi ndi zipewa, mmawa malata akumadontha madzi pabulangete chonsecho kunja mvula kulibe, wamng'ono wanga wa zaka ziwiri chifuwa sichikumuchoka. Bambo akunyumba ayamba kumalowetsa mbaula kuchipinda kuti mutenthereko. Achimwene anga ali ku Cape Town akuti kumeneko ndi maiko ena boma limaikira anthu zinthu mdenga zotchinga kuzizira. Nde funso langa ndi loti boma lathu linakwanitsa za malata ndi simenti zotchipa zija, silingapangenso pulogalamu ya siling'i kwa ife akumapiri kuno? Zimavuta pati kodi?

Mayi odandaula, kwa Bembeke

YANKHO

Mayi, za boma tifikako koma ndiyambe ndi mbaula ija, chonde usiku uno womwe isalowenso kuchipinda. Makala akamayaka mnyumba yotseka amatulutsa mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide, suoneka komanso sununkha, munthu amangomva mutu kuwawa ndi chizungulire kenako tulo, ndipo ena sadzukanso. Amene amayamba kugonja ndi mwana wamng'onoyo. Otherani moto pakhonde kapena kukhitchini chitseko chili chotsegula, ikakwana nthawi yogona mbaula itsale panja. Awuzeni bambo mwaulemu koma musagonje pamenepa. Ndipo mwanayo mukaona akupuma mothamanga kapena nthiti zikulowa mkati popuma musadikire kuti kuche bwino, pitani naye kuchipatala, chibayo cha miyezi ino sichichedwa.

Zomwe mukuonazo si kuti mmisiri anafolera molakwika ayi. Denga laudzu ndi lochindikala ndipo pakati pa udzuwo pamakodwa mpweya, mpweya ukangokhala malo amodzi osayenda kutentha sikudutsa msanga, nde kafundidwe ka matupi anu kamatsala mnyumba momwemo. Lata ndi chitsulo chopyapyala chosakwana olo milimita imodzi, kutentha kukakwera mmwamba kumangodutsa ngati palibe kanthu. Madonthowo ndi mpweya womwe mumapuma anthu asanu usiku wonse, ukagunda lata lozizira umasanduka madzi, chimodzimodzi thukuta la pansi pa chivundikiro cha poto. Ine ndinagonapo nyumba yotero kwa azakhali anga ku Lobi mwezi wa July, cha mma 4 koloko mbandakucha ndinadzidzimuka dontho litandigwera pakhutu, nditawunikira tochi mmwamba misomali yonse ya malata inali ndi kadontho kake kolendewera kudikira kugwa, mzere wonse, ndipo azakhaliwo anali atayala pulasitiki pamwamba pa mabulangete a zidzukulu. Nde ndikamawerenga kalata yanu ndikuiona nyumbayo. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lija limafika 2,198, usiku wa June ndi July kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, pomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2018 linati mnyumba nthawi yozizira musamatsike pansi pa madigiri 18 kuti anthu asamadwale. Muli ndi chifukwa chodandaulira.

Tsono kodi boma lingapange? Lingathe ndithu, ndipo ine ndingakondwe kwambiri litaganiza za anthu a kwa Bembeke, Tsangano, Lizulu ndi malo ena ozizira. Koma ndikuopa chinthu chimodzi, kuti lingapange mothamanga, ndipo kuti mumvetse mantha angawa ndikuwuzeni zomwe zinachitika ku Australia, dziko lolemera loti sitingaliyandikire.

Mu February 2009, chuma cha dziko lonse chitagwedezeka, boma la Kevin Rudd linalengeza kuti liika insulesheni, zinthu zotchinga kuzizira ndi kutentha, mmadenga a nyumba za anthu. Zolinga zinali ziwiri, kuti mabanja achepetse bilu ya magetsi, komanso kuti ndalama zilowe msanga mmatumba anthu apeze ntchito. Pa 1 July chaka chomwecho, pasanathe ndi miyezi isanu yomwe, chitseko chinatsegulidwa. Kampani imabwera pakhomo, kuika zinthu zake mdenga, kusainitsa fomu, nkukatapa kuboma mpaka madola 1,600 a ku Australia pa nyumba iliyonse, eni nyumba ambiri osatulutsa olo kobiri. Tangoganizani zimenezo zitalengezedwa pawailesi kuno mawa mmawa. Ntchito yomwe kale inali ndi makampani mazana ochepa inadzaza ndi masauzande, aliyense wokhala ndi galimoto ndi makwerero anasanduka katswiri nkumalemba anyamata oti chibadwire sanalowepo mdenga, poti lamulo limangofuna kuti woyang'anira yekha akhale wodziwa ntchito, ndipo woyang'anirayo nthawi zina samakhalapo nkomwe.

Kuyambira October 2009 kufika February 2010 anyamata anayi anafa. Atatu anagwidwa ndi magetsi mdenga, awiri mwa iwo amakhomerera chipepala chonyezimira chija cha aluminiyamu ndi masitepulo achitsulo, sitepulo nkuboola waya wamoyo, chipepala chonse nkusanduka magetsi. Wachinayi anafa ndi kutentha atagwira ntchito mdenga dzuwa likuswa mtengo. Wamng'ono pa onsewo anali ndi zaka 16 basi, msinkhu wa mwana wa Fomu 3. Chomwe chimandiwawa ine nchoti ngoziyi inali yodziwika kale, ku New Zealand anthu anali atafa mu 2007 ndi masitepulo omwewa, ndipo akatswiri a zamagetsi anachenjeza boma pulogalamu isanafike patali. Nyumba zoposa 200 zinagwira moto, zambiri chifukwa choti zotchingazo anaziyala pamwamba pa magetsi owunikira omwe amatentha. Makampani ena amakatenga ndalama za nyumba zoti sanaikemo kanthu. Pa 19 February 2010 boma linatseka pulogalamu yonse mwadzidzidzi, nduna yoona zachilengedwe Peter Garrett anailanda ntchito imeneyi, makampani achilungamo omwe anali atadzaza katundu mmagodauni anagwa limodzi ndi akuba, ndipo boma linawononganso ndalama zankhaninkhani kutumiza anthu kukayendera madenga omwe lomwe linalipira.

Ndisanamizire, nyumba zoposa 1 miliyoni zinaikidwa insulesheni ndipo mabanja ambiri anapindula. Koma komiti yaikulu yofufuza yomwe anaitsogolera Ian Hanger itatulutsa lipoti lake mu 2014 inanena poyera kuti imfa zija zikanapewedwa, kuti tsiku la 1 July linaumirizidwa, kuti unduna womwe anaupatsa ntchitoyo unalibe luso loyendetsa chinthu chachikulu chotere, komanso kuti cholinga chomwaza ndalama msanga chinapondereza cholinga chogwira ntchito yabwino. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Mwina mukuti koma amalume, za malata zija bwanji zinatheka? Pulogalamu ya malata ndi simenti yomwe inayamba nthawi ya Peter Mutharika, olo makuponi a feteleza omwe tawazolowera kuyambira 2005, zonsezo ndi zinthu zooneka. Thumba umaligwira, malata ukudutsa pamsewu umawaona akunyezimira, ngati sanafike mudzi wonse umadziwa tsiku lomwelo. Nkhani ya mdenga ndi ina. Bodi lomaliza likangokhomedwa palibe amadziwa zomwe zili pamwambapo, kaya ayala zonse kaya theka, kaya waya wapanikizidwa ndi msomali, kaya angoponyamo makatoni. Inuyo mayi simukwera mdenga kukayang'ana, amfumu sakwera, khansala sakwera. Mudzadziwa patatha chaka nyumba ikununkha waya wopsa. Nde ngati pa zinthu zooneka zomwe timamvabe madandaulo a maina olowa chakumbuyo ndi katundu wofika mochedwa, kuli bwanji pa ntchito yobisika?

Nchifukwa chake ine nditakhala pa tebulo lokonza pulogalamu yotere ndingakakamire kuti ndalama zibwere kumapeto. Choyamba aphunzitse amisiri, aliyense wokwera mdenga osati bwana wake yekha, ndipo TEVETA ilipo kale pa ntchito imeneyo. Apezeke anthu oyendera okwanira, olipidwa ndi khonsolo osati ndi kontirakita, okhala ndi njinga yamoto ndi mafuta ake, ndipo kontirakita asalandire kanthu mpaka woyendera atalowetsa mutu mdenga ndi tochi nkusaina, mwini nyumba nayenso nkusaina. Nyumba ya magetsi iyambe yaonedwa mawaya ndi munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe loona za magetsi ndi mafuta. Katundu yemwe adutse ku Malawi Bureau of Standards, chifukwa tsiku lomwe boma lidzalengeze, mahadiweya adzadzaza ndi zinthu zotchipa zoti zina zikagwira moto zimayaka ngati palafini. Ku London nyumba yosanja ya Grenfell Tower inapsa mu June 2017 anthu 72 nkufa, moto unathamanga kudzera mu zomwe anakutira kunja kwa makoma. Komanso asachite kupanikiza ndi mapepala mpaka ntchito kuima, ku England pulogalamu ya Green Homes Grant inayamba September 2020 ikufuna nyumba 600,000, inatsekedwa March 2021 isanafike olo gawo limodzi mwa magawo 10, amisiri akudandaula kuti malipiro akuchedwa.

Zomwe akunena achimwene anu ndi zoona ndipo ndi chitsanzo chomwe chili pafupi ndi ife. Ku Kuyasa, dera la Khayelitsha ku Cape Town, tinyumba ta boma tinamangidwa topanda siling'i, anthu amazizidwa ngati inuyo. Anayamba ndi nyumba 10 zokha zoyesererapo, kuona ngati zikusinthadi, kenako nkufikira nyumba zoposa 2,300, kuika siling'i yotchinga kuzizira, magiza a dzuwa ndi mababu osadya magetsi, ogwira ntchito ambiri ali anthu a mderalo omwe anaphunzitsidwa. Zinatenga zaka. Kwathu kuno ndingakonde atayamba ndi mawodi a amayi oyembekezera, mahositelo a ana asukulu ndi midzi iwiri itatu ya kwa Bembeke kapena Tsangano, ayeze kuzizira kwa mnyumba June uno ndi June wa chaka chamawa, aone makoswe achita zotani, chiswe chachita zotani, kenako akulitse.

Pakadali pano musakhale manja lende kudikira Lilongwe. Yambani ndi chipinda cha ana chokha. Mphasa kapena bango lolukidwa bwino, kulikhoma pa timatabwa pansi pa malata kusiya mpata pakati, kumasintha kwambiri, ndipo ndalama zikadzapezeka mudzaika siling'i bodi. Mipata ya pakati pa khoma ndi malata yomwe mphepo imalowera mchipindamo itsekeni ndi njerwa ndi dothi, koma pamwamba pa siling'i pasiyidwe timabowo toti mpweya uzituluka, apo ayi chinyezi chidzaoletsa mitengo ya denga, ndipo timabowoto muikepo waya wa sefa kuti makoswe ndi mileme zisalowe. Mphasa imagwira moto, nde kandulo ndi koloboyi zikhale kutali. Nkhaniyi ikatuleninso ku komiti ya chitukuko ya mmudzi (VDC) ipite ku komiti ya chitukuko ya mdera (ADC) mpaka kukhonsolo, mutengane amayi angapo, wamva mmimba ndiye atsekula chitseko, a ku Lilongwe sadzuka bulangete litanyowa.

FUNSO

Amalume zikomo chifukwa cha tsamba lino. Ine ndine mnyamata wa zaka 24, kalipentala, shedi yanga ili pa Lizulu mbali ya Ntcheu. Masiku ano anthu ambiri ogulitsa kabichi ndi kachewere akumanga nyumba zabwino nde akumandiitana kukaika siling'i, ena akumagula chipepala chonyezimira chija akuti ndiyale pansi pa malata. Ine kusukulu ya ntchito zamanja za chipepalachi sitinaphunzire, ndimangoona pa YouTube. Sabata yatha ndili mdenga ndinamva kunjenjemera mdzanja nditagwira waya wina, sindinawauze eni nyumba kuopa kuti aziti sindidziwa ntchito. Kodi ndikupanga bwino? Komanso boma litabweretsa ntchito zoterezi ife ang'onoang'ono tingalowe bwanji?

Kalipentala wa pa Lizulu

YANKHO

Mphwanga, wachita bwino kufunsa, koma pobisa za waya uja sunachite bwino. Bwerera kunyumba imeneyo mawa ukawauze. Kunjenjemera komwe unamvako ndiye kuti penapake waya wasupuka kapena analumikiza ndi tepi yomwe yamatuka, iwe unapulumuka koma mawa mudzakwera mwana wa eni nyumba kukasaka mphaka. Kunena zimenezo sikusadziwa ntchito, mmisiri weniweni ndi amene amati pano sindipitiriza mpaka abwere wa magetsi.

Usadzakwerenso mdenga magetsi asanazimitsidwe pa meni switchi, osati ka switchi ka pakhoma ayi. Uzimitse wekha ndi dzanja lako, umatepo tepi, uwauze onse a mnyumbamo, chifukwa zimachitika kuti mwana akufuna kutchaja foni nkukayatsa iwe uli pakati pa mawaya. Ndipo usanamizidwe ndi kuthima kwa magetsi a ESCOM, amabwera osagogoda. Nyumba ya sola nayo ili ndi zake, mapanelo amapangabe magetsi dzuwa likamawala olo mnyumba mwazimitsidwa, nde funsa mawaya ake adutsa pati. Waya wochoka papolo kufika pamita umakhala wamoyo nthawi zonse, umenewo usauyandikire nkomwe.

Chipepala chonyezimiracho nchabwino pobweza kutentha kwa dzuwa, koma kumbuka kuti ndi aluminiyamu, magetsi amayenda mmenemo ngati mmene amayendera mu waya. Anyamata a ku Australia ndafotokoza pamwambapa anali a msinkhu wako, wina 25 wina 22. Malo ake abwino ndi pofolera penipeni, kuchiyala pamitengo malata asanakhomedwe, mawaya asanadutse, mbali yonyezimira itayang'ana mpata wa mpweya chifukwa chikangogundana ndi zinthu mbali zonse ziwiri mphamvu yake imachepa kwambiri. Nyumba yoti mawaya alimo kale, osachiyala pamwamba pa mawayawo, osachikhoma ndi masitepulo kapena misomali pafupi nawo. Uwauzenso makasitomala ako chilungamo, pa chisanu cha pa Lizulu chipepala chokha sichikwanira, chimafunika chinthu chochindikala chogwira mpweya pamwamba pa siling'i. Ukamayala zaubweya wagalasi zija vala magolovesi, malaya aatali manja ndi chotseka pamphuno, zimayabwa komanso fumbi lake si lopumira, ndipo usaphimbe nazo mababu olowa mu siling'i, siya mpata kuzungulira.

China chomwe anyamata mumachipeputsa ndi kutentha. Pa Lizulu kunja kutha kukhala kamphepo koma pansi pa malata mwezi wa October masana ndi ng'anjo. Kwera mmamawa, pofika 10 koloko utsike, botolo la madzi likhale pambali, ndipo pansi pakhale munthu woti ukasiya kuyankha adziwe. Ponda pamitengo yokha, bodi silinyamula munthu.

Za kulowa mu ntchito za boma, konzekeratu pano zisanabwere. Pepala lako la kusukulu lisunge bwino, ngati sunayesedwe mayeso a ntchito pita ukayesedwe, funsa ku bungwe la boma loona za zomangamanga za kalembetsedwe ka makontirakita ang'onoang'ono, mugwirizane anyamata angapo pakhale mmodzi wa magetsi wa chiphaso. Jambula ntchito iliyonse usanatseke bodi lomaliza, zithunzi zimenezo ndi umboni wako. Ndipo akadzabwera wina wa tenda yaikulu nkukuuza kuti akulipira pa nyumba iliyonse nde uzimaliza zisanu patsiku, umukane olo ndalama ikhale yokoma bwanji, kulipira kotereku nkomwe kumapangitsa munthu kuona ngati kuzimitsa meni switchi nkutaya nthawi.

FUNSO

Amalume ife kuno ku Golomoti vuto lathu si chisanu koma kutentha, October mnyumba ya malata simugoneka timagona panja udzudzu nkumatidya. Ndili mu komiti ya chitukuko ya mmudzi. Zoterezi zitabwera si ndiye kuti adzangopatsa a kumtunda okha ife nkutisiya?

Membala wa VDC, Golomoti

YANKHO

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo muiyankhule msanga zinthu zisanalembedwe, chifukwa Dedza ndi boma limodzi koma nyengo ziwiri, wa pa Dedza boma akufunda mabulangete atatu wa ku Golomoti ndi Mtakataka akupukuta thukuta, chimodzimodzi Ntcheu pakati pa Tsangano ndi chigwa cha Bwanje. Siling'i yomweyo imagwira ntchito mbali zonse, kumtunda imasunga kutentha mkati, kwanuko imatchinga moto wa malata kuti usatsikire pa anthu. Kusiyana kwake nkoti kwanu chipepala chonyezimira chimathandiza kwambiri kuposa kwa Bembeke, komanso kupaka malata penti yoyera, kusiya mipata yoti mpweya wotentha uzituluka mdenga, mazenera oyang'anizana ndi mtengo wa mthunzi chakumadzulo. Nde pulogalamu yogula katundu wa mtundu umodzi ku Lilongwe nkumwaza boma lonse idzalakwira mbali imodzi basi.

Pa kasankhidwe, kakamirani kuti muyeso ukhale wa amene ali mnyumbamo, makanda, agogo, odwala, amayi oyembekezera, ndipo maina awerengedwe pabwalo anthu onse akumva kenako amatidwe pasukulu kapena pachipatala. Mfundo yanu ya kugona panja ija ndi yamphamvu, munthu wothawa kutentha mnyumba amasiya neti mkati ndipo malungo a kunyanja mukuwadziwa nokha. Ilembeni mmaminitsi a komiti ndi chiwerengero cha mabanja omwe amagona panja October ndi November, mupite nayo ku ADC a zaumoyo ali pomwepo.